Mayina a zowawa zathu kunsi kwa Khwekhwerere

Boma la Dedza lili ndi nyengo ziwiri. Kumtunda, pa tauni ya Dedza, pamene pakwera mamita pafupifupi 1,600, anthu amagona ofunda bulangeti miyezi yambiri ya pachaka. Ukatsika msewu wa Khwekhwerere n'kufika pa Golomoti, thukuta limayamba galimoto isanaime. Kuchigwa kuno, kuyambira pa Golomoti kudzera ku Mua mpaka ku Mtakataka, m'dera la Inkosi Kachindamoto, kuli mpunga, usipa, mango, madambo ndi udzudzu. Matenda akenso ndi ena, ndipo mawu amene timawatchulira ndi amene amatiuza kolowera: kugolosale, kwa asing'anga, kuchipatala, kapena kungogona pamkeka kudikira kuti kuche.

Chichewa n'cholemera pa mawu ofotokoza zimene thupi likumva. Timati thupi laphwanya, m'chifuwa mukubaya, m'mimba mukupota, mutu ukugunda, mwendo wachita dzanzi. Tili ndi litsipa, chizungulire, nseru, befu, kubanika, kuzizidwa, kunyerenyetsa. Mawu amenewa ndi chuma cha wodwala yekha, pakuti palibe makina amene angadziwe ngati ululu wako ukulasa kapena ukuwotcha. Chondidandaulitsa n'chakuti tikafika pamaso pa adokotala timawasiya pakhomo onsewa. Akatifunsa kuti tikumva bwanji, timayankha ndi dzina la matenda: "Ndili ndi malungo."

Liwu lakuti malungo ndi lakale kuposa chidziwitso cha udzudzu. Ronald Ross anapeza tizilombo ta matendawa m'mimba mwa udzudzu mu 1897 ku India, pamene makolo athu anali atayamba kalekale kunena za malungo potanthauza kutentha ndi kuphwanya kwa thupi, kaya kwabwera utanyowa ndi mvula, kaya utalima dzuwa lonse. Zipatala zitabwera zinatenga liwulo n'kulipereka kwa nthenda imodzi yokha, ija yoyamba ndi tizilombo tolowa m'magazi udzudzu ukakuluma. Chiyambire pamenepo liwu limodzi lili ndi eni ake awiri. Mayi akamati mwana ali ndi malungo, akunena zimene dzanja lake lamva pachipumi. Namwino akamati mwana alibe malungo, akunena zimene kachipangizo koyezera magazi kaonetsa patatha mphindi 15 kapena 20. Onse akunena zoona, koma mayi amatuluka akuganiza kuti amukaniza mankhwala, ndipo amakagula mankhwala a malungo otchedwa LA kwa ogulitsa pamsika.

Chimene kachipangizoko kanena n'chakuti m'magazi simunapezeke tizilombo ta malungo. Sikananene kuti mwana ali bwino. Thupi limatenthanso ndi chibayo, taifodi, mafinya a m'khutu, matenda oumitsa khosi. Funso loyenera kutsatira pamenepo ndi lakuti, "Nanga chikumutenthetsa n'chiyani?" Mayi ali ndi ufulu wolifunsa, ndipo wachipatala amene sapeza mphindi imodzi yoliyankha wasiya ntchito yake pakati. Apa ndi pamene mawu aja tinawasiya pakhomo amafunika: akupuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, wakana bere kuyambira dzulo, akugwiragwira khutu.

Mbiri ya mankhwala a malungo m'dziko muno imaphunzitsanso kanthu. Mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya kolorokwini n'kuyamba Fansidar, chifukwa tizilombo tinali titazolowera mankhwalawo. Mu 2007 nayenso Fansidar anapereka malo kwa LA, ngakhale amayi oyembekezera amamwabe kusikelo kuti adziteteze. LA amamwedwa kawiri patsiku kwa masiku atatu, ndipo amalowerera bwino ukadyako kanthu kamafuta. Ambiri timamva bwino tsiku lachiwiri n'kusunga otsalawo kuti adzathandize wina. Kumva bwino ndi kuchira n'zosiyana, ndipo pakati pa ziwirizi ndi pamene tizilombo timaphunzirira kupirira mankhwala. Katemera wa malungo, amene anayamba kuperekedwa kwa ana ku Malawi kuno mu Epulo 2019, amachepetsa ngozi koma salowa m'malo mwa neti. Neti imene ikukokera usipa kugombe kapena yatchingira mbande kudimba yasiya mwana wina pambalambanda usiku.

Palinso malungo aakulu, aja ofika kuubongo. Mwana amakomoka, maso n'kutembenuka, ndipo achibale ena amathamangira kuganiza za khunyu kapena za anthu oipa. Apa zinthu zimawerengedwa m'maola. Chizindikiro china chimene aliyense angathe kuona popanda chipangizo ndi kuyera kwa zikhatho ndi m'kati mwa zikope, kumene kumasonyeza kuti magazi achepa.

Likodzo lili ndi vuto lina. Dzina lake n'lolunjika, aliyense amalidziwa, koma silichititsa mantha. M'midzi ina ya m'mbali mwa nyanja mnyamata akayamba kuona timadontho ta magazi pomaliza kukodza, anzake amangoti wakula, popeza onse anaziona. Chinthu chikakhala cha aliyense chimasiya kuoneka ngati matenda. Komatu magaziwo akuchokera m'zilonda. Tinyongolotsi timene Theodor Bilharz anatiulula ku Cairo mu 1851 timakhala zaka zingapo m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo, tikuikira mazira tsiku ndi tsiku. Mazira ena amatuluka ndi mkodzo, ena amakanirira m'mnofu, ndipo otsalawa ndi amene pakapita zaka amaumitsa chikhodzodzo, kuwononga impso, ngakhale kuyambitsa khansa.

Ambiri amaganiza kuti likodzo timalitenga pomwa madzi oipa kapena popondapo pamene wina wakodza. Njira yake yeniyeni imadzera mwa nkhono. Wodwala akakodzera m'madzi, mazira amaswa, timphutsi n'kulowa mu nkhono zazing'ono zokhala m'mabango ndi m'madzi odekha. Pakapita masabata angapo timatulukamo tochuluka, makamaka dzuwa likakhala pamutu, n'kuboola khungu la aliyense amene ali m'madzimo. Choncho wosamba, wochapa, wokoka khoka ndi wookera mpunga onse ali panjira yake. Sikimu ya mthirira ya Bwanje Valley, ya mahekitala 800, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, yadyetsa mabanja ambiri kuno, ndipo palibe wanzeru amene angauze mlimi kuti asaponde m'madzi. Chimene tinganene n'chakuti aliyense amene ntchito yake ili m'madzi adziwerengere m'gulu lofunika kumwa mankhwala a likodzo, asamaone ngati ndi nkhani ya ana asukulu okha amene amayezedwa msinkhu pa ndodo n'kupatsidwa mapilitsi a praziquantel. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zimene zili m'thupi lero. Mawa ukabwerera m'madzi omwewo ungathe kutenganso. Madzi osamba akakhala mu ndowa masiku awiri timphutsi timafa tokha. Chimbudzi pafupi ndi gombe ndi pafupi ndi minda chimadula ulendo wonsewu pa chiyambi pake.

Kwa amayi dzinali limaperewera, chifukwa limangoloza kumkodzo. Mazira omwewo amathanso kukhazikika m'njira ya chiberekero, n'kubweretsa ululu wa m'chinena, chikazi chachilendo, kutaya magazi pambuyo pokhala malo amodzi ndi amuna awo, nthawi zina kusabereka. Zizindikirozi zimafanana ndi za matenda opatsirana pogonana, ndipo mayi wosalakwa angathe kunyozedwa m'banja kapena kupatsidwa mankhwala olakwika kambirimbiri. Mayi wa kuchigwa kuno akapita kuchipatala ndi vuto lotere, anene poyera kuti amachapa kunyanja kapena amalima mpunga. Chiganizo chimodzi chimenecho chingathe kusintha zimene adokotala akufufuza.

Tsono pali mawu ena akuluakulu, mdulo ndi tsempho, amene satchula chabe zimene zikuoneka komanso amaloza wolakwa. Amene analowapo m'nyumba yosungira za chikhalidwe ya Chamare ku Mua, pa Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher Chisale anakhazikitsa mu 1976, amaona mmene moyo wa Achewa unalukidwira pa kutentha ndi kuzizira. Munthu amene akukhala malo amodzi ndi mnzake wa m'banja ndi wotentha. Khanda, wodwala, namwali ali m'tsimba, awa ndi ozizira. Wotentha akakhudza wozizira mosasamala, kapena mayi amene ali kumwezi akathira mchere m'ndiwo, kapena bambo akayenda njira zachibwana mwambo wa kutenga mwana wakhanda usanachitike, wina amadulidwa kapena kusemphedwa. Amatupa miyendo ndi nkhope, amatsokomola, amaonda, tsitsi limafiira n'kuyamba kuthothoka.

Sindili m'gulu la amene amaseka mawu amenewa. Makolo anaona zenizeni. Anaona kuti mwana amene amake atenga pathupi pena iye akadali pabere amafooka, ndipo mwambo wa kudika unkatalikitsa mimba nthawi imene kunalibe njira zolera za kuchipatala. Anaonanso kuti khalidwe la bambo kunja limabwera ndi matenda m'nyumba, chinthu chimene Edzi inadzatsimikiza mowawa. Pamene ndimasiyana nawo ndi pa zochita mwana akatupa. Zizindikiro za tsempho ndi zomwezo za kunyentchera koopsa, kumene kumachuluka mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zikapepuka, ndipo za mdulo mwa wamkulu zimafanana ndi chifuwa chachikulu kapena matenda a mtima ndi impso. Banja likakhala pansi masiku anayi kufufuza amene analakwa, mwana akupitirira kutupa. Kuyeza kwake n'kosavuta: dinikizani chala pamwamba pa mapazi onse awiri, mukachotsa pakatsala kadzenje, mwanayo ndi wa kuchipatala lero lomwe. Kumeneko amamuyeza mkono ndi kalamba, kufiira kwake kumayambira pansi pa masentimita 11.5, ndipo pali chiponde chimene chadzutsa ana ambiri amene pamudzi anali atawataya mtima. Nkhani ya ankhoswe ingathe kudikira sabata yamawa.

Chimodzimodzi liwombo. Likalowa m'kati mwana akutsekula m'mimba, sikuti likufuna kumatidwa mankhwala pamutu. Thupi latha madzi. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo chimene chimapha pa kolera ndi kutha kwa madzi komweko. Thanzi ORS, kapena pakasowa, lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, zimamusunga munthu ali panjira ya kuchipatala.

Matenda ovuta kuwazindikira ndi aja osapereka liwu lililonse loti uwatchulire. Anthu a ku Mua amaidziwa nkhaniyi, pakuti pamishoni imene Azibambo Oyera anatsegula mu 1902 panali malo osamalirako odwala khate kwa zaka zambiri. Khate limayamba ndi kabanga kotuwa pakhungu kamene sikayabwa, sikapweteka, ukakakhudza ndi nthenga sukumva kanthu. Kusamvako ndiye chizindikiro. Malawi anafika mu 1994 pa mlingo woti khate silinalinso mliri, koma silinatheretu, ndipo mankhwala ake ndi aulere.

Khate la masiku ano, pa nkhani yosamveka m'thupi, ndi BP. Timaitchula kuthamanga kwa magazi, ndipo dzinali limatipangitsa kudikira kuti timve china chake chikuthamanga. Ambiri samva kalikonse mpaka tsiku limene pakamwa papotoka ndi mkono wagwa. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka sankadziwa. Kumudzi nayonso iliko, si ya mabwana a m'tauni okha. Chakudza sichiimba ng'oma. Apa kudzidziwa sikuchokera m'kumva koma m'manambala awiri amene amalembedwa m'kabuku ka kuchipatala, ndipo akamafika pa 140 ndi 90 mobwerezabwereza ndiye kuti mchere, mowa, fodya ndi mankhwala zonse ziyenera kukambidwa. Mchere umene makolo ankauopa pa zifukwa zawo uli ndi mlandu weniweni pano, makamaka kwa ife odya nsomba zouma zothira kale mchere n'kuwonjezeranso wina mu mphika.

Pali odwala ena amene amabwerabwera kuchipatala ndi mutu wosatha, mtima kugunda, tulo kusowa, thupi lonse kuphwanya. Malungo sapezeka, BP ili bwino, amabwerera ndi Panado. Ukakhala nawo pansi umamva za ngongole ya feteleza, mpunga umene madzi anakokolola, mwamuna amene anapita ku Joni n'kusiya kuimba foni. Iwo amati akuganiza kwambiri. Ku Zimbabwe dokotala Dixon Chibanda anamanga ntchito yonse ya Friendship Bench pa mawu ofanana ndi amenewa, pophunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu pa benchi ya pachipatala, ndipo kafukufuku anaonetsa kuti odwala ankapezadi bwino. Kwathu tili ndi nkhawa, kukhumudwa, kusweka mtima, kutaya mtima, koma timawaona ngati mawu a pamaliro, osati a kuchipatala. Amuna makamaka amawameza, n'kuwatsira kachasu pamwamba.

Kuvutika maganizo kopitirira masabata awiri, munthu osafuna kudya, osafuna kuonana ndi anzake, osasangalala ndi zimene ankazikonda, ndi matenda, ndipo amachizika. Wachibale akayamba kunena kuti watopa nawo moyo kapena kuti mudzatsala mukupuma, musamudzudzule ndiponso musasinthe nkhani. Mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Mankhwala a mbewu ndi a makoswe achoke m'nyumbamo tsiku lomwelo, wina agone naye, ndipo kukacha mupite naye kuchipatala, kaya ku Mua, ku Mtakataka kapena ku Golomoti, mukanene mawu enieniwo amene iye ananena.