Mmene Mabanki a ku Kenya Anagonjera M-Pesa

Chisanafike chaka cha 2007, munthu wogwira ntchito ku Nairobi akafuna kutumiza ndalama kumudzi ankapatsira mnansi kapena kondakitala wa basi, popeza mabanki akuluakulu anali atatseka nthambi zambiri zakumidzi m'zaka za m'ma 1990, poona kuti kusunga tindalama ta mlimi kunkawadyera zambiri kuposa phindu lake. Maganizo amenewa, ngakhale sanali olakwika pamasamu, ndiwo anawachititsa kuti asaone msika waukulu umene unali pakhomo pawo.

M-Pesa inayamba mongoyesera mu 2005 m'tauni ya Thika, kumene makampani a mafoni a Vodafone ndi Safaricom, mothandizidwa ndi ndalama za boma la Britain, ankafuna kuti makasitomala a Faulu Kenya, bungwe lobwereketsa ndalama zochepa, azibweza ngongole kudzera pafoni. Anthuwo anayamba kutumizirana ndalama okhaokha, ndipo eni ntchitoyo, m'malo moumirira cholinga chawo, anatsatira chimene anthu ankachita, kotero kuti poikhazikitsa mu Malichi 2007 anaiika ngati njira yotumizira ndalama kumudzi. Mphamvu yake inali mwa maejenti, omwe ndi eni timagolosale ndi ogulitsa mayunitsi amene ankalandira ndalama pakauntala, kuona chiphaso, kusainitsa kasitomala m'kaundula, uthenga wotsimikizira n'kulowa pafoni iye asanachoke.

Mabanki anadandaula kuti kampani ya foni ikugwira ntchito yawo popanda malamulo amene ankawamanga iwo, ndipo mu Disembala 2008 John Michuki, yemwe ankagwirizira udindo wa nduna ya zachuma, analamula kuti ntchitoyo ifufuzidwe. Kafukufukuyo sanapeze chifukwa choiimitsira, makamaka poti ndalama za makasitomala sizinkasakanikirana ndi za Safaricom koma zinkasungidwa padera ku Commercial Bank of Africa, imodzi mwa mabanki omwewo.

Atalephera kuitsekereza, mabanki anasankha kulowamo. Mu 2010 banki yaikulu ya dzikolo inawalola kukhala ndi maejenti awoawo, Equity Bank n'kugwirizana ndi Safaricom pa akaunti ya M-Kesho, imene sinapite patali. Koma M-Shwari ya 2012, yomwe inalola munthu kusunga ndi kukongola ndalama pafoni osaponda kubanki, inabweretsera Commercial Bank of Africa makasitomala mamiliyoni. Chinachotsa mantha a mabankiwa si kukonda zatsopano ayi, koma kuona anzawo akupindula ndi anthu omwe iwo anawayesa opanda phindu.