Mtondo ndi Bulenda ku Matero

Amayi amene analowa m'nyumba zoyamba za ku Matero m'zaka za m'ma 1950, ochokera ku Katete, Petauke ndi Fort Jameson, sanasiye mtondo kumudzi. Agogo anga anakwera nawo lole, pamodzi ndi munsi, chipande ndi mithiko yomanga m'chitenje. Ufa wa nsima ankagula kusitolo kapena kugayitsa kuchigayo, koma nsinjiro inali ya pakhomo. Madzulo munsi ukamalira kuseri kwa nyumba, mzere wonse unkadziwa kuti pamenepo lero atendera chibwabwa, ndipo mnansi ankabwera ndi kambale ka mtedza wake kudzasinja nawo. Mtondo umodzi unkatumikira makomo angapo.

Ku George ndi ku Chawama, makomboni amene boma linayamba kuwavomereza ndi lamulo la nyumba la 1974, anthu ankalirira mipopi ndi misewu. Za makina a kukhitchini panalibe woziganiza. Zinasintha pambuyo pa 1991, malonda atatseguka ndipo katundu wakunja atadzaza m'masitolo a ku Kamwala. Bulenda inalowa m'nyumba zathu kudzera pa kitchen party. Azakhali amaipereka itakutidwa m'pepala lonyezimira, nthungululu n'kumveka, koma alangizi amaikabe mthiko m'manja mwa mkwatibwi.

Ine bulenda yanga ndimaikonda. Tomato ndi anyezi zimasanduka msuzi mafuta asanatenthe, ndipo nyengo ya mango ana amamwa madzi ake mpaka kukhuta. Koma pa mtedza sindiikhulupirira. Ukachedwa kuzimitsa pang'ono chabe, mafuta amatuluka, nsinjiro n'kukhala chiponde. Pamtondo dzanja limamva lokha. Umasinja, kusefa, kubwezeramo misere, ndipo ndiwo zake zimakoma mosiyana. Nsima ndiye sitikamba n'komwe, palibe wa ku Matero amene angalole makina kumuvundulira.

Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi kudamu la magetsi la Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Mabulenda anakwera pamwamba pa kabati, mbaula n'kubwerera pakhonde. Chimene chinandiwawa n'chakuti atsikana ambiri a pamzere wathu sankadziwa kugwira munsi, ndipo mtondo wa agogo, wong'ambika kale m'mbali, unayambanso kubwerekedwa khomo ndi khomo. Mwana wanga wamkazi anauphunzira chaka chimenecho, matuza ali m'manja.