Boma likalanda mawu ndi dzina

Mabuku omwe akatswiri amawatcha distopiya amasimba za dziko lam'tsogolo lomwe boma lake limalamulira chilichonse, ngakhale zam'mutu mwa munthu. Mfuti ndi ndende zilimo, koma chida chomwe olemba ake amabwererako kawirikawiri ndi chilankhulo.

M'buku la George Orwell la mu 1949, Nineteen Eighty-Four, chipani cholamula dziko la Oceania chikukonza chilankhulo chatsopano chotchedwa Newspeak. Syme, mnzake wa mpangankhani wamkulu Winston Smith ku Unduna wa Choonadi, ntchito yake ndi yodula mawu mu dikishonale, moti imaonda chaka ndi chaka. Chipanicho chikuwerengera kuti pofika 2050 munthu sadzathanso kuganiza zoukira boma, poti mawu oganizira zoterozo adzakhala kulibe. Syme naye, chifukwa chochenjera kwambiri, tsiku lina amangosowa ndipo dzina lake limafafanizidwa paliponse ngati sanabadwe.

Akatswiri ambiri a zilankhulo savomereza kuti kuchotsa liwu kungachotsenso ganizo. Anthu akaletsedwa kutchula chinthu amachizungulira ndi mikuluwiko, ndipo olemba ndakatulo a ku Malawi kuno anachita zomwezo nthawi ya chipani chimodzi, lamulo loletsa mabuku la mu 1968 litakhwima.

Choopsa kuposa dikishonale ya Orwell ndi kulandidwa dzina. Yevgeny Zamyatin wa ku Russia anaziwona msanga: m'buku lake, We, lomwe linayamba kutuluka m'Chingelezi mu 1924, anthu amakhala m'nyumba zagalasi ndipo amaitanidwa ndi manambala. Wosimba nkhaniyo ndi D-503.

Margaret Atwood wa ku Canada ndiye anafika nazo patali mu The Handmaid's Tale ya mu 1985. M'dziko la Gilead akazi ambiri saloledwa kuwerenga, ndipo ena mwa amene angathe kubereka amatumizidwa kunyumba za akuluakulu kuti akawabalire ana. Wosimba nkhani amatchedwa Offred, kutanthauza kuti ndi wa Fred, bwana wa nyumbayo. Izi n'zosiyana ndi ulemu wathu woitana mayi kuti amake a uje, poti mayiyo dzina lake ali nalobe ndipo abale ake amalidziwa. Ku Gilead dzinalo ndi la nyumba. Mnzake wa Offred woyenda naye kumsika, Ofglen, atachoka, panabwera mkazi wina wachilendo, nayenso akutchedwa Ofglen. Dzina lenileni la Offred, Atwood sanalitchule m'bukumo.