Kuchokera pa sipana kufika pa kompyuta: mibadwo ya Benz ya zitseko zinayi

Mu 1953 kampani ya Daimler-Benz ya ku Stuttgart inatulutsa galimoto ya Mercedes-Benz 180, imene anthu anaitcha Ponton. Chaka chotsatira kunabwera ya dizilo, ndipo oyendetsa matakisi anaikonda. Kuyambira pamenepo, m'badwo uliwonse wa galimotozi wakhala ukusintha yankho la funso limene mwini galimoto yakale amagona nalo: ikafa panjira, aikonza ndani?

Mibadwo yoyamba inali ndi yankho lapafupi. Ya 1959 inabwera ndi nzeru ya injiniya Béla Barényi yoti kutsogolo ndi kumbuyo kuzipunyika pangozi pamene chipinda cha anthu chili cholimba, koma injini inali yoti makaniko aliyense n'kuimvetsa. Mtundu wa W115, umene unayamba mu 1968, ndiwo unamanga mbiri. Gregorios Sachinidis, woyendetsa takisi ku Thessaloniki, anafikitsa 240 D yake pa makilomita 4.6 miliyoni asanaipereke ku nyumba yosungira mbiri ya kampaniyi mu 2004.

W123 ya 1976 ndiyo ambiri amaitcha Benz yeniyeni. Pofika 1986 kampaniyi inali itapanga pafupifupi 2.7 miliyoni, zina mwa izo ku East London, South Africa, zachiwongolero kumanja monga zoyenda m'misewu ya kuno. Ku Morocco zinakhala matakisi a maulendo ataliatali kwa zaka zambiri. Dizilo yake imayendera pampu yopanda kompyuta, moti injini ikangolira siidaliranso batire. Ngakhale kuizimitsa ndi kukhoma zitseko zimadalira timapaipi tokoka mpweya. Kapaipi kakang'ambika, munthu amatha kuzula kiyi injini ikulirabe, koma vutolo limatha ndi kachidutswa ka labala.

Kuphweka kumeneku kuli ndi mtengo wake. Mavalavu a dizilo amafuna kutcheredwa ndi manja nthawi ndi nthawi. 240 D inali ndi mphamvu ya mahatchi 65, kenako 72, kotero kupitirira lole pachikweza kumafuna kuleza mtima. Mabuleki a ABS anayamba kupezeka mu 1980 ndipo thumba la mpweya mu 1982, koma kwa olipira mwapadera okha. Mdani wamkulu ndi dzimbiri la pansi ndi la malo oika jeke, limene limadya galimoto injini ikadali yamphamvu.

Kumapeto kwa 1984 kunabwera W124, yojambulidwa pansi pa utsogoleri wa Bruno Sacco. Thupi lake limang'amba mphepo bwino, choncho imadya mafuta ochepa ndipo phokoso m'kati n'lochepa. Mavalavu amadzitchera okha. Gudumu lililonse lakumbuyo limagwiridwa ndi mikono isanu, ndiye chifukwa chake imakhazikika pokhota, komanso ndiye chifukwa chake malabala osintha amachuluka ikakalamba. Mu 1993 inapatsidwa dzina la E-Class. Zambiri za zaka zimenezo zili ndi chilema chodziwika: chokutira mawaya a injini chimafumbutuka ndi kutentha, ndipo mankhwala ake ndi kusintha mtolo wonse.

Kuyambira 1995 ntchito yokonza inachoka m'manja mwa makaniko wapansi pa mtengo. W210 ya nyali zinayi zozungulira inali yofewa ndi yachangu, ndipo kuyambira 1998 dizilo yake ya CDI inkalamulidwa ndi kompyuta, koma inatchukanso ndi dzimbiri. W211 ya 2002 inabwera ndi mabuleki a magetsi otchedwa SBC, amene anavuta mpaka kampani inaitanitsa galimoto zambiri kuti zikonzedwe, n'kuwasiya mu 2006. Galimoto zotere zimatha miyezi osadandaula, koma tsiku limene nyali yayaka padeshibodi pamafunika makina oyezera ndi thumba lolemera.

Choncho yakale imapempha pang'onopang'ono, koma kawirikawiri. Yatsopano imakhala chete, n'kudzapempha zambiri kamodzi. Wokhala kutali ndi tauni, wosaopa girisi, angakhale bwino ndi W123 yosawola pansi. Woyenda mtunda wautali ndi ana tsiku ndi tsiku amapeza mpumulo mu W124, imene ili ndi chitetezo chokwanira koma sipana ikadagwirabe ntchito. Wofuna za 1995 kupita m'tsogolo ayambe wapeza makaniko wokhala ndi makina oyezera ndi kogula masipeya, kenako ndiye akafunse mtengo wa galimoto.