Lipenga: kuchokera pa nyanga ya mphalapala kufika pa kiyibodi

Mwezi wa Novembala uliwonse, dziko likamakumbukira asilikali amene anafera ku nkhondo ziwiri zikuluzikulu, msilikali amaima pa chipilala cha ku Zomba n'kuliza lipenga anthu onse ali zii. Tsiku lina ndinkamvera mwambowu pa wailesi ndili pa boma la Mwanza, ndipo mnyamata wa kabaza amene tinakhala naye pa benchi anati, "Achimwene, zimenezo n'za azungu, zathu ndi ng'oma." Mawu otere ndawamva kambiri, ndipo sindiwavomereza.

Makolo athu anali ndi lipenga mzungu asanaponde kuno. Ankatenga nyanga ya mphalapala, kuiboola pambali, n'kumaitanira anthu ku uzimba kapena kuchenjeza mudzi za adani. Anthu a mitundu ina anali nawonso awoawo. M'manda a mfumu Tutankhamun ya ku Egypt, amene anatulukiridwa mu 1922, munapezeka malipenga awiri, lina lasiliva lina lamkuwa, a zaka zoposa 3,000.

Chinsinsi cha onsewa n'chimodzi: mawu amabadwira pa milomo. Woliza amafinya milomo n'kukankha mpweya kuti milomoyo izinjenjemera, ndipo chitoliro chimangokuza ndi kukometsa mawuwo. Akafinyitsa mawu amakwera, akamasula amatsika. Koma nyanga, ngakhalenso lipenga la asilikali lopanda mabatani, imatulutsa manoti owerengeka basi. Vutoli linatha mu 1818 pamene Heinrich Stölzel ndi Friedrich Blühmel a ku Germany analembetsa luso lawo la mavavu, omwe ndi mabatani aja, ndipo mu 1839 François Périnet wa ku Paris anakonza mtundu umene tikuuona lero. Lipenga la masiku ano ndi chitoliro cha pafupifupi mita imodzi ndi theka chopindidwa, chokhala ndi mabatani atatu. Ukadina batani, mpweya umapatukira m'kanjira kowonjezera, ulendo wake umatalika, mawu n'kutsika. Zala zitatu ndi milomo, nyimbo iliyonse yatheka.

Lipenga lachitsulo linafala kuno ndi asilikali a King's African Rifles, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902. Chimene chimandisangalatsa ndi zomwe anthu anachita nkhondo yoyamba itatha mu 1918. Gule wa Beni, amene dzina lake linachokera ku mawu oti bandi, anayambira ku gombe la Aswahili cha m'ma 1890 ndipo anatsika kuno ndi asilikali komanso amtengatenga obwerera kwawo, monga analembera Terence Ranger m'buku lake la mu 1975. Ku Nkhata Bay kunabadwa gule wa Malipenga, m'chigawo chapakati wa Mganda. Ndalama zogulira malipenga amkuwa ovinawo analibe, choncho anatenga zipanda zazitali, n'kumata pa kabowo kachikopa kopyapyala kamene kangaude amaphimbira mazira ake. Woimba amang'ung'udza m'chipandamo, kachikopa kaja n'kumanjenjemera. Anthu amene anasandutsa chipanda kukhala bandi yathunthu sangauzidwe kuti lipenga si lawo.

Amene ankadutsa pa Mwanza ndi pa Zobue kupita ku Joni anakapezanso lipenga lina kumeneko. Hugh Masekela, amene analandira lake loyamba kwa wansembe Trevor Huddleston mu 1954, anatchula Malawi mu nyimbo yake ya Stimela, yonena za sitima yonyamula anthu a ku migodi.

Nanga chinatisokoneza n'chiyani kuti lipenga lizisowa pakati pathu? Ndinena zimene ndinaona ndi maso anga. Mpingo wina kwathu kuno unalandira bokosi la zida kuchokera kwa akufuna kwabwino akunja: malipenga angapo ndi ng'oma ziwiri. Mphunzitsi wina wodziwa manoti ankasonkhanitsa anyamata pansi pa mtengo wa mango madzulo aliwonse. Milungu yoyamba kunkangomveka ngati mbuzi yokodwa pa chingwe, milomo kutupa, agogo kudandaula. Koma pofika Khirisimasi anyamata aja anaguba kuchokera ku tchalitchi kukafika pa msika, amayi akulululutira, ana akuthamangira m'mbuyo.

Kenaka mafuta a mavavu anatha, ndipo m'magolosale athu simupezeka zoterozo. Anyamata anathiramo mafuta ophikira, mabatani n'kumata ngati ulimbo. Lipenga lina linagwa n'kuphwanyika pakamwa, mmisiri wowongola osapezeka. Mphunzitsi uja atasamutsidwa, panalibe amene anamusiyira luso. Posakhalitsa kunabwera kiyibodi, imene munthu mmodzi amalizapo ng'oma, gitala ndi lipenga lomwe pa mtengo wochepa. Nditapitako posachedwapa ndinapeza malipenga aja m'chipinda chosungiramo mipando yothyoka, atachita nguwi yobiriwira, m'kamwa mwa lina muli chisa cha mavu.

Kiyibodi sindiiimba mlandu. Tinalakwa polandira zida popanda kuphunzitsa aphunzitsi ndi amisiri ozikonza, ndiponso posiya phunziro la nyimbo kukhala la pa bolodi pokha. Mabandi a polisi ndi a asilikali akadali ndi akatswiri, ndipo ambiri akapuma pa ntchito amabwerera m'midzi yathu yomweyi n'kungokhala. Inu atsogoleri a mipingo ndi a sukulu ku Mwanza, tsegulani zipinda zija, muitane akuluakulu amenewa adzaphunzitse ana athu.