Bambo wa ku mgodi ndi bambo wa pa kanema ku Kabwe

Mbiri ya mafilimu onena za bambo ndi ana ake ku Kabwe, m'dziko la Zambia, imayambira pa mgodi, chifukwa mgodiwo ndi umene unabweretsa kanema, unabweretsanso bambo wodyetsa banja ndi malipiro a pamwezi. Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka pamalopa mu 1902, malowo n'kupatsidwa dzina loti Broken Hill. Njanji inafika mu 1906, ndipo mu 1925 damu la pa mtsinje wa Mulungushi linayamba kupereka magetsi ku mgodi. Amuna anakhamukira kuno kuchokera kwa Alenje, Alala ndi Abemba, ena kuchokera ku Fort Jameson ndi ku Nyasaland.

Ambiri mwa amunawa anakulira m'mitundu yotsata mbumba ya kuchikazi. Kumudzi mwana ankawerengedwa kwa amayi ake, ndipo mwinimbumba anali malume. Bambo ankalemekezedwa ndithu, koma pa nkhani ya maliro, ukwati kapena chuma chamasiye, mawu omaliza sanali ake. M'komboni ya mgodi zinthu zinatembenuka. Nyumba inkalembedwa m'dzina la mwamuna wogwira ntchito, chakudya cha phoso chinkadzera mwa iye, ndipo malume anali kutali, ulendo wa masiku ambiri. Godfrey Wilson wa ku Rhodes-Livingstone Institute, amene anafufuza za moyo wa anthu a ku Broken Hill cha m'ma 1939 ndi 1940, anapeza kuti mwa anthu akuda pafupifupi 15,000 a m'tauniyi munali amuna 7,500, akazi 3,500 ndi ana 4,000. Eni mgodi ankagawira antchito ena okhalitsa malo a maekala 5 oti amangepo ndi kulimapo. Choncho ku Broken Hill kunakula ana ambiri odziwa dzanja la bambo awo kuposa la malume.

Kanema amene anawa ankaonera sankanena kanthu za moyo umenewu. Pofika m'ma 1940, baisikopo inali itazika mizu m'makomboni a migodi ndi m'matauni a m'mbali mwa njanji. Ankaonetsera pabwalo, usiku, kamodzi pa sabata, ndipo mafilimu okondedwa kwambiri anali a makauboyi a ku America. Bungwe la boma la atsamunda linkadula zithunzi zonse zimene linkaona kuti n'zosayenera anthu akuda, moti nkhani ya filimu inkafika yoduka mutu ndi mchira, ndipo Chingerezi chake chinkamira m'phokoso la oonera. Chotsala chinali kavalo, mfuti ndi zibakera. Hortense Powdermaker, amene anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, analemba za momwe oonera ankakuwira pochemerera kauboyi, amene aliyense ankangomutcha Jack. Anyamata ankasema mfuti zamitengo n'kumatsanzira kayendedwe kake. Jack analibe mkazi wokhazikika, analibe munda, analibe mwana womulirira nsima. Mbadwo woyamba wa ana oleredwa ndi abambo m'tauni unakula ukusirira mwamuna wopanda banja.

Mafilimu a Central African Film Unit, imene inagwira ntchito kuyambira mu 1948 mpaka 1963, ankaonetsa anthu akuda ndithu, koma cholinga chake chinali kuphunzitsa ulimi, ukhondo ndi kusunga ndalama. Mwamuna wa m'mafilimu amenewa ankakhala chitsanzo cha wanzeru kapena cha chitsiru, ndipo za mumtima mwake palibe ankazifunsa.

Dziko litalandira ufulu mu 1964 tauniyi inatenga dzina la Kabwe, ndipo wailesi yakanema inalowa pang'onopang'ono m'nyumba za opeza bwino. Kusintha kwenikweni kunadza ndi makaseti a vidiyo, pamene anthu anayamba kuonetsa mafilimu m'tizipinda ta m'makomboni, wolowa n'kumalipira ndalama yochepa. Nthawi imeneyi inakumana ndi zaka zowawa. Mgodi unatsekedwa mu 1994, ntchito za kunjanji zinachepa, fakitale ya nsalu ya Mulungushi inayamba kutsimphina mpaka kuima mu 2007, ndipo Edzi inali kutenga makolo. Bambo anaonekera pa kanema wa m'chigawo chino panthawi imene kunyumba anali kusowa, kapena analipo koma manja ali lende.

Filimu ya ku Zimbabwe yotchedwa Neria, ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, inafalikira m'maiko onse oyandikana nawo. Patrick, bambo wokonda banja lake, akumwalira pa ngozi, ndipo mbale wake Phineas akulanda ndalama, katundu ngakhale ana. Woima ndi mayi wamasiyeyo ndi mlongo wake Jethro, malume wa anawo, gawo limene anasewera Oliver Mtukudzi. Anthu a ku Zambia sanafunike kuwamasulira nkhaniyi, poti boma lawo linali litangokhazikitsa lamulo la chuma chamasiye mu 1989 pofuna kuthetsa kulanda komweku. Kenako kunabwera Everyone's Child ya Tsitsi Dangarembga mu 1996, yonena za ana otsala okha makolo atapita. Yellow Card ya mu 2000 inafika pafupi kwambiri ndi funso la ubambo: Tiyane, mnyamata wa sukulu waluso pa mpira, akupereka mimba, akuzemba, mpaka khanda likutulidwa kwawo. Ndi filimu yosowa, chifukwa imaika mwana m'manja mwa mnyamata m'malo mongodzudzula mtsikana.

Pa mafilimu onse a m'dera lino, imene imalowa mozama mu ubale wa bambo ndi mwana ndi The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, yojambulidwa ku Malawi, yofotokoza za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu pa njala ya 2001 ndi 2002. Chiwetel Ejiofor anaitsogolera n'kuseweranso ngati bambo, a Trywell. Amalawi ambiri anadandaula ndi katchulidwe ka Chichewa ka osewera akunja, ndipo dandaulolo n'lomveka. Komabe a Trywell ndi munthu weniweni: fizi yawakanika, akukumba nthaka youma mokakamira, ndipo mwana akawapempha njinga kuti aidule apangire makina a mphepo, akupsa mtima ngati atukwanidwa. Njingayo ndi chuma chomaliza chowatsimikizira kuti akadali mutu wa banja. Kuipereka kwawo ndi kuvomera kuti nzeru zopulumutsa mudzi zili mwa mwana. Mwamuna aliyense wa ku Makululu kapena ku Bwacha, makomboni a ku Kabwe, amene anachotsedwa ntchito ana akadali pasukulu angadzione mwa iwo.

Opanga mafilimu a ku Zambia akhala ouma mtima pang'ono pa abambo. Sewero la Mpali, loyamba mu 2018 pa Zambezi Magic, lili ndi Nguzu, mlimi wamitala amene nyumba yake sikutha mikangano. Mu On Becoming a Guinea Fowl ya Rungano Nyoni, imene inapata mphoto ku Cannes mu 2024, bambo wa Shula, mwini nkhani, amamveka pafoni akupempha ndalama, ndipo sateteza mwana wake, pamene malume ake, amene amwalira m'filimuyo, ndiye anali wogwirira ana a m'banjamo. Filimuyi ikutsutsa mizati yonse iwiri, bambo ndi malume, ndipo ili ndi chifukwa chochitira zimenezo.

Mbiri ya Kabwe yeniyeni ikudikirabe woijambula. Mtovu umene mgodi unasiya m'dothi la ku Kasanda, Chowa ndi Makululu ukupezeka m'magazi a ana, ndipo pa mulu wa zinyalala za mgodi wotchedwa Black Mountain abambo amakumba miyala yogulitsa kuti ana adye. Olemba ndi ojambula a ku Kabwe, kuphatikizapo achinyamata a pa yunivesite ya Mulungushi, ayenera kuitola nkhaniyi akadalipo akuluakulu amene anagwira ntchito pansi pa mgodi.