Akazi Awiri a Mwezi: Mbiri ya Nthanda ndi Malo Athu M'chilengedwe



Tsiku lina madzulo mdzukulu wanga wa ku sekondale anandipeza pakhonde ndikuyang'ana nyenyezi yowala kwambiri ija imene imatsogola kutuluka chakumadzulo. Nditamuuza kuti agogo anga ankaitcha mkazi wa mwezi, mwanayo anaseka chikhakhali. "Agogo, imeneyo ndi pulaneti, dzina lake Venus. Anthu akale sankadziwa kanthu." Mbali yoyamba ananena zoona, koma yachiwiriyo inandilasa mtima, pakuti mwana akayamba kuseka nzeru za makolo ake, posachedwa amaiwala ndi mayina omwe. Choncho khalani pansi, ndikufotokozereni mbiri ya nyenyezi imeneyi.

Makolo athu ankasimba kuti mwezi ndi mwamuna wamitala. Mkazi wake mmodzi, Chekechani, amakhala kum'mawa ndipo ndi woumira: mwezi ukapita kwa iye umaonda mpaka kutsala kachizenga. Winayo, Puikani, amakhala kumadzulo ndipo ndi wodziwa kusamala mwamuna: mwezi ukafika kwa iye uli wofooka, umayamba kunenepa. Mayi Alice Werner, amene anakhalako kuno m'zaka za m'ma 1890, anailemba nthanoyi monga nthano ya Anyanja.

Tsono taonani luso lobisika m'menemo. Mwezi wotsala pang'ono kufa umaonekadi kum'mawa mbandakucha, kumene kumatulukira Nthanda. Mwezi wokhala kumene umaoneka kumadzulo dzuwa litangolowa, ndipo usiku uliwonse umakulirakulira. Amene anapeka nthanoyi anali atayang'anitsitsa thambo kwa zaka zambiri. Iwowa ndi omwe anatcha mayina Nsangwe, Akamwiniatsatana ndi Mlalang'amba. Analibe pepala, n'chifukwa chake anakulunga zimene anaona m'nthano yoti mwana sangaiiwale.

Panali chimodzi chimene nthanoyi sinafikepo: akazi awiriwa ndi mmodzi. Nyenyeziyi imakhala miyezi pafupifupi 8 ikuoneka madzulo, imabisala masiku ochepa, kenaka n'kuyamba kuoneka m'mamawa, ndipo ulendo wonsewo umabwerezeka pa masiku 584 alionse. Agiriki akale nawonso anayamba ndi mayina awiri, Phosphoros ya m'mawa ndi Hesperos ya madzulo, mpaka anadzazindikira zimene Ababulo ankadziwa kale, kuti n'chinthu chimodzi. Kulakwa kumeneku sikunali kwa Achewa okha. Ndi njira imene maso a munthu aliyense amadzera.

Cha m'ma 150, Khristu atabadwa, katswiri wina dzina lake Ptolemy, wa mumzinda wa Alexandria ku Egypt, analemba dongosolo la zakumwamba. Iye anati dziko lapansi lili phee pakati, ndipo mwezi, dzuwa, mapulaneti ndi nyenyezi zonse zimalizungulira. Tisamuseke. Kodi si zimene timaona tsiku ndi tsiku? Ngakhale ife timati dzuwa latuluka, lapendeka, lalowa. Chiphunzitso chakecho chinalamulira zaka zoposa 1,300, ndipo munthu ankadziona ngati mfumu yokhala pakati pa bwalo.

Mu 1543 munatuluka buku la Nicolaus Copernicus wa ku Poland, lonena kuti dzuwa ndilo lili pakati, ndipo dziko lathu ndi limodzi mwa mapulaneti olizungulira. Ambiri sanakhulupirire, poti panalibe umboni wooneka ndi maso. Imodzi mwa mboni zoyamba inadzakhala Nthanda yomweyi. Chakumapeto kwa 1610, Galileo Galilei wa ku Italy anailozetsa telesikopu yake kwa miyezi ingapo, ndipo anaona kuti nayonso imasintha maonekedwe monga mwezi: nthawi zina yodzaza koma yaing'ono, nthawi zina theka, nthawi zina kachizenga kakakulu. M'dongosolo la Ptolemy, Nthanda imakhala nthawi zonse pakati pa ife ndi dzuwa, kotero sikanaoneka yodzaza, pakuti mbali yake yowala ikanafulatira ife. Kuoneka yodzaza kunasonyeza kuti imapita kuseri kwa dzuwa, ndiye kuti imazungulira dzuwalo. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choonadi chimabwera ndi mtengo wake. Mu 1633 bwalo la mpingo ku Rome linamuzenga mlandu Galileo, linamukakamiza kukana chiphunzitsocho, ndipo anakhala wosaloledwa kuchoka pakhomo mpaka imfa yake mu 1642. Munali mu 1992 pamene Papa John Paul II anavomereza poyera kuti oweruza aja analakwitsa.

Funso lotsatira linali lakuti: nanga dzuwalo lili kutali bwanji? Apanso Nthanda inathandiza. Mwa kamodzikamodzi imadutsa ndendende pamaso pa dzuwa, n'kuoneka ngati kadontho kakuda. Edmond Halley wa ku England analangiza mu 1716 kuti anthu okhala m'madera otalikirana ayese nthawi ya kudutsako, chifukwa kusiyana kwa zimene adzaone kudzaulula mtundawo. Iye anamwalira mu 1742 asanaone tsikulo, koma mawu a akulu akoma akagonera. Mu 1761 ndi 1769 akatswiri anabalalika padziko lonse: Charles Mason ndi Jeremiah Dixon anaonera ku Cape Town, James Cook anakafika mpaka ku Tahiti. Palibe mmodzi akanatha yekha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ataphatikiza zimene anapeza, anayandikira kwambiri chiwerengero chimene tikudziwa lero, makilomita pafupifupi 150 miliyoni. Kuwala kumayenda mtunda umenewu mphindi 8 ndi timasekondi pang'ono. Kudutsa kotereku kunachitikanso mu 2004 ndi 2012, ndipo kudzachitikanso mu 2117, ife tonse titagona.

Kuyambira pamenepo bwalo linangokulirakulira. Thomas Henderson, amene anagwira ntchito ku Cape Town mu 1832 ndi 1833, anayesa kutalika kwa nyenyezi ya Alpha Centauri, imodzi mwa zoyandikana nafe kwambiri. Lero tikudziwa kuti kuwala kwake kumatenga zaka zoposa 4 kuti kutipeze. M'zaka za m'ma 1920, Edwin Hubble ku America anasonyeza kuti Mlalang'amba wathu, wokhala ndi nyenyezi mabiliyoni oposa 100, ndi umodzi chabe mwa milalang'amba yosawerengeka, ndi kuti yakutali ikunka ititalikira. Wansembe wa ku Belgium, Georges Lemaître, anali atafika kale pa ganizo la kufutukuka kwa chilengedwe mu 1927. Akatswiri tsopano amati chilengedwechi chakhala zaka pafupifupi 13.8 biliyoni. Munthu uja ankadziyesa mfumu ya pabwalo anapezeka kuti ndi mlendo wokhala m'kanyumba ka kumapeto kwa mudzi.

Kodi zimenezi zitichititse manyazi? Ine ndikuti ayi, pakuti makolo athu sanatiphunzitse kuti ndife eni chilengedwe. Kumbukirani za Kaphirintiwa, ku mapiri a Dzalanyama. Kumeneko, amati, mwamuna ndi mkazi oyamba anatsika ndi mvula pamodzi ndi nyama, ndipo onse ankakhala mwamtendere ndi Chauta. Mtenderewo unatha pamene munthu anapeka moto n'kutentha tchire: nyama zinathawa, Chauta anakwera kumwamba. M'nthano imeneyi munthu ndi mnansi wa zolengedwa zinzake, ndipo ndi mnansi wokhoza kuwononga mudzi wonse.

Nthanda ili ndi phunziro lomwelo. Kukula kwake n'kofanana pafupifupi ndi dziko lathu, koma pamene chombo cha Soviet Union chotchedwa Venera 7 chinatera pamenepo mu 1970, chinapeza ng'anjo. Kutentha kwake kumaposa madigiri 450, chifukwa mpweya wake wochindikala wa carbon dioxide umatsekera kutentha kwa dzuwa. Mpweya womwewo ndi umene timauchulukitsa kuno tikamatentha nkhalango ndi mafuta. Mpaka lero sitinapeze kwina kulikonse kumene kuli moyo. Mako ndi mako angachepe mwendo: dziko lino lichepe chotani pakati pa nyenyezi, ndilo lotiyamwitsa.

Tsono iwe mdzukulu wanga, sunga dzina la Venus, pakuti lidzakuthandiza pamayeso. Koma usataye la Nthanda, la Puikani ndi la Chekechani. Mwezi ukakhala, tuluka panja, uzimitse nyali, uyang'ane kumadzulo, ndipo udzandiuze ngati mwamuna uja akunenepa.